Benchi ya ku Siteji Yomaliza

Lolemba, 3 Febuluwale

Bambo athawanso. Ndawapeza pamphambano, nsapato imodzi, akuimitsa magalimoto ndi dzanja. Anthu kuseka. Ine kuwakoka ngati mbuzi yokana chingwe. Pofika kunyumba, diresi ya kasitomala imene ndinaisiya pansi pa simbi yapsa mpaka kuboola. Ndimuuza chiyani mayi uja, sindikudziwa.

Achimwene pa foni: ntchito yawachulukira. Siinawachepepo. Alamu akuti nyumba yawo ili ndi masitepe, wokalamba angagwe. Yanga ilibe masitepe, ilibe mwamuna, ilibe ana, ndiye mtolo ndi wanga. Palibe anandifunsa.

Chisokonezekere mutu wa Bambo sindinakhalepo ndekha, ngakhale m'bafa. Ndatopa mpaka m'mafupa.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Namwino anati ndiziwatopetsa masana kuti azigona. Akuti basi yodutsa mumsewu wathu uno imakathera pa paki, ndipo kuseri kwake kuli njira za oyenda pansi. Tapita lero.

M'basi, Bambo asanduka munthu wina. Phee, maso pamsewu. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi. Woyendetsa wa lero, wandevu, wawazindikira. "Awa ndi amene anatiphunzitsa ife, ndi makofi omwe," watero akuseka. Sindinaseke nawo. Makofiwo ndimawadziwa, kunyumba ankafikanso.

Pakiyo: udzu wotchetcha bwino, mitengo ikuluikulu, kamtsinje, mabenchi, kanyumba ka malata kousapo mvula. Pachikwangwani njira ziwiri, yaifupi yotsata mtsinje ndi yaitali yokwera phiri. Ndabadwira m'tauni muno, koma sindinkadziwa kuti kuli malo otere. Mpweya wake wokha.

Bambo ayenda pang'ono, kenako ayamba kulimbana nane kuti abwerere kumsewu. Mitengoyo ndangoiona chothamangitsa munthu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Ndatulukira chinthu.

Nditawakhazika pa benchi kuti ndipume, ndinangonena mwachipongwe kuti adalaivala, tikudikira okwera. Manja m'mwamba, kugwira chiwongolero chosaoneka. Osagwedezeka. Nthawi yobwerera itakwana ndawakoka, akana. Ndawanyengerera, akana. Kenako ndakumbukira mmene ankadzitamira tili ana, kuti pa ntchito yawo yonse sananyamulepo basi kondakitala asanamenye chitseko kawiri, chifukwa mnzawo wina anapondapo munthu pochita phuma. Ndamenya benchi kawiri ndi chikhatho. Adzuka okha.

Dzina langa analiiwala kalekale. Izi ayi.

Ndawakhazikanso kuti ndiyese. Ndapita mpaka pa kamlatho, ndabwerera. Alipo, akuyendetsa basi yawo.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Achimwene ndi alamu abwera ndi nthochi ndi malangizo. Alamu kukhala m'mphepete mwa mpando, mphuno m'mwamba. Akuti m'nyumba mukununkha, ndizitsegula mawindo. Akutinso ndanenepa, ndiye kuti sindikuvutika kwenikweni.

Bambo awazindikira achimwene nthawi yomweyo, kumwetulira mano onse. Mwana wanga, mwana wanga. Ine awauza kuti ndi mtsikana wantchito, waulesi, amaba shuga. Onse aseka. Tiyi asanazizire n'komwe, anyamuka.

Nthochi zina zinali zowola kale.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Njira yaifupi yonse, ndekha.

Madzi kulira pamiyala. Mbalame ina yabuluu, dzina sindikulidziwa. Fungo la masamba onyowa. Manja anga opanda kanthu, osagwira munthu, osapukuta kanthu. Pena ndangoima n'kulira, kulira kokoma. Sindikuchita nazo manyazi.

Ndakumana ndi gulu la amayi oyenda limodzi. Mtsogoleri wawo wavala chipewa chofiira, ndi wolongolola koma wabwino. Akuti njira yaifupi ndi ya ana, yeniyeni ndi ya kuphiri, pamwamba pake tauni yonse imaoneka. Wandifunsa ngati ndili ndi wondidikira. Ndayankha kuti ndilibe aliyense. Bodzalo latuluka mosavuta, ndipo landikomera m'kamwa.

Pobwerera ndawapeza Bambo monga ndinawasiyira. Kawiri pa benchi, kunyumba.

Mayi wa diresi uja wapita kwa telala wina, ndipo akuuza anthu. Zake izo.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Tsiku lililonse tsopano. Makina osokera achita fumbi.

Dzulo ndinazungulira kawiri. Pobwera ndinapeza adzikodzera pa benchi pomwepo, chimbudzi chili poonekera. Sakanadzuka, okwera anali asanakwane. M'basi anthu kutseka mphuno, mayi wina kusamuka mpando. Manyazi ndinachita, koma a ine ndekha, osati a iwo.

Lero sindinawapatse tiyi m'mawa. Madzi pang'ono chabe. Zayenda bwino.

Khosi lawo lapsa ndi dzuwa, likusupuka. Ndawapaka mafuta. Andimenya dzanja.

Wa chipewa chofiira akuti mkuja akukwera phiri. Ndavomera.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Dzulo sindinathe kulemba.

Kumwamba kunali kwakuda kuyambira m'mawa. Ndinaona. Ndisaname, ndinaona. Ndinaganiza zowakhazika m'kanyumba ka malata, koma munali anyamata ndi atsikana akumvera nyimbo, ndipo Bambo phokoso limawapengetsa. Benchi yathu yomwe ija. Tikudikira okwera, adalaivala.

Phirilo ndi lovuta, amayi aja kuseka ndi kukokana. Pamwamba, tauni yonse pansi pathu, nyumba ting'onoting'ono. Ndinafufuza denga langa, osalipeza, ndipo ndinasangalala kuti silikuoneka.

Kenako mvula. Yamatalala, yamphepo, yosaona kutsogolo. Anzanga anabisala pansi pa thanthwe, akundiitana kuti mukupita kuti, mulibe wokudikirani. Ine liwiro kutsetsereka. Matope. Ndinagwa, ndinadzuka, ndinagwanso, mawondo magazi okhaokha. Njira ija sinathe msanga.

Paki yonse mbee, anthu atadzaza m'kanyumba kaja. Pa benchi munthu mmodzi, manja pa chiwongolero, madzi akutsika m'makutu, milomo yabuluu. Kanyumbako kali pafupi moti ukhoza kuponyako nsapato. Mlonda akuti anayesa kuwakoka, anamupatsa khofi, ndiye anawasiya. Anandifunsa kuti ndine mwana wawo kapena ndani.

Ndinamenya benchi kawiri. Anayesa kudzuka, miyendo inakana. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wachedwa, kondakitala."

Wandevu uja ndi amene anawanyamula mpaka m'basi.

Lolemba, 24 Febuluwale

Chipatala. Chibayo. Machubu m'mphuno, kupuma ngati akukoka thumba la mchenga.

Achimwene ndawauza kuti mvula inatipeza tonse panjira. Ataona mawondo anga akhulupirira, mpaka andigwira paphewa. Alamu kulira mokweza m'khonde kuti wodi yonse imve, kenako kufunsa ngati pali malo ogulitsa zoziziritsa kukhosi.

Dokotala akuti tikonzekere chilichonse.

Ndakhala pambali pa bedi tsiku lonse, nditagwira dzanja lija. Lapepuka. Chisoni chilipo, sindikukana. Koma pansi pake pali china. Ndadzipeza ndikuganiza kuti chipinda chawo chili ndi windo lalikulu, makina angakhale bwino mmenemo. Pokagula sopo ndaima pa sitolo ya nsapato, kuyang'ana zoyendera m'mapiri. Ndafunsa ndi mtengo womwe.

Lamulungu, 2 Malichi

Kutentha thupi kwatsika. Koma mkati mwa matendawa agwidwanso ndi sitiroko, mbali yakumanja yafa. Sadzayendanso.

Achimwene anafunsa za masiku amene Bambo atsala nawo. Dokotala anaseka, akuti masiku ati, mtima wa bambowa ndi wa mnyamata, mukawasamala bwino akhala nanu zaka zambiri. Ponena kuti mukawasamala, onse anatembenukira kwa ine.

Alamu anakweza manja, tiyamike. Tinagwirana manja kuzungulira bedi. Ndinayamika nawo, mawu anga akumveka kuposa a onse.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kunyumba. Matewera, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa ndi supuni, kulavulidwa, kuchapa. Mvula ikupitirira, zofunda sizikuuma, ndaziyanika pa makina.

Sangasiyidwe ngakhale kanthawi, amatsamwa ndi malovu awo omwe. Kumsika ndikutuma aneba.

Ndinapempha achimwene kuti Loweruka lokha azibwera, theka la tsiku, ndizipitako kokayenda. Nkhope inasintha. "Maulendo ako aja ndi amene atifikitsa pano, chemwali. Khala pansi." Alamu anawonjezera kuti munthu wamkulu kumakwera mapiri ngati mwana wasukulu, anthu aziti chiyani.

Abwera ndi mphatso. Belu lamkuwa, kuti Bambo aziliza ndi dzanja lamanzere akandifuna. Awaphunzitsa okha, moleza mtima, mpaka agwira. Anachoka akusangalala kuti athandizapo.

Lachitatu, 19 Malichi

Dzuwa latuluka lero. Basi imadutsa pansi pa windo, ndimaidziwa ndi kulira kwake. Sindisuzumiranso.

Bambo akudya bwino. Masaya abwerera. Namwino wabwera kudzawaona, wandiyamikira, akuti ana ngati ine ndi osowa masiku ano. Iwo amuuza kuti mtsikanayu achotsedwe ntchito.

Nkhanambo za m'mawondo zagwa, kwatsala zipsera. Ndimaziyang'ana posamba, chitseko chili chotsegula kuti ndizimva. Tsiku lija palibe akanandinena. Amayi aja ankandiitana, pansi pa thanthwe panali pouma, mvula inagwa mpaka madzulo. Ndikanangokhala nawo kudikira kuti ikate, monga anachitira aliyense. Koma ndinathamanga. Ndinathamanga mpaka kudzipweteka. Sabata yonseyi ndakhala ndikudzifunsa kuti ndinkathamangira chiyani.

Belu likulira. Ndimalize kaye mzere uno. Likuliranso