Mlatho Wodikira Nsomba

Amayi anga, kwacha bwanji kumeneko?

Kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, tilipo. Mpongozi wanu wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Achimwene adabwera kuchokera ku tauni ya Speedway kudzamuona, akuti mphuno ndi yanu yeniyeni. Chibwabwa ndidadzala kuseri kwa nyumba chija agwape amaliza, ndipo kuno sungayerekeze kuwagenda.

Ntchito ndi yomwe ija. Tikumanga mlatho wopita pa kachilumba ka pakati pa mtsinje, m'tauni momwe muno. Koma amayi, mukadaona! Tisanakhome chitsulo n'chimodzi chomwe, kudabwera anthu omira m'madzi kudzatola nkhono za pansi pa mtsinje, imodziimodzi ndi manja, n'kukazikhazika kumtunda kwa mtsinje kuti zisaphwanyike. Kenako tidaimika ntchito mpaka Juni yense, ati nsomba zikuswa. Tidatchinganso chinsalu m'madzi kuti matope asazitsamwitse.

Sindikuti n'zoipa ayi, ndidasainira ndine ndemwe. Koma ndikaima pagombepo ndimaona mlatho wa kwathu udakokoloka uja. Ndimaona ngolo itaima tsidya lino, inu mukubuula m'menemo, denga la chipatala likuoneka tsidya linalo. Nkhono ya kuno ili ndi oinyamula m'manja. Inu mudasowa wokuwolotsani. Zimandiwawa, amayi, ndipo ndimakwiya mpaka chakudya osalowa.

Tsono nkhani ndi iyi. Amalume aimba foni kuti chiliza chanu avundukula mu Ogasiti. Imeneyo ndiyo nyengo imene amatilola kugwira ntchito m'madzi. Ndidaapulaya tchuthi, abwana adakana, ati nsomba zatidyera kale nthawi. Maliro anu ndidawamvera pafoni chifukwa cha mapepala okhalira m'dziko lino. Chiliza nachonso andimane chifukwa cha nsomba? Ha!

Tsiku ndinkanyamuka lija mudati walira mvula walira matope. Ine ndidaseka. Matopewo ndi amenewa. Ndikangochoka ntchito yatha, mapepala atha, nanga khandali lidya chiyani? Ndawauza amalume kuti asandidikire. Pamene azidzaimba nyimbo pamanda panu, ine ndidzakhala pamtsinje wa eni, kulondera kuti simenti isadonthere m'madzi.

Koma ndikulonjeza, amayi. Mlatho uno ukatha, wotsatira ndi wa pamtsinje wathu, ngakhale utakhala wa mitengo. Mnzanu wa dzinayu adzawolokera pamenepo pobwera kudzakuonani, osavula nsapato.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani