Za m'thumba mwa Sibeso

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Ndinapita ku Malota kukaona Miyoba, koyamba chitulukire kuchipatala. Mwendo wamanzere anaudula pansi pa bondo, shuga ameneyu. Mu minibasi monse ndimadziuza kuti Lonah usakalire, koma si mwendo umene wandiliza. Miyoba, amene kusekondale ankamutulutsa m'kalasi chifukwa cholongolola, wangondiyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Ndodo zoyendera zili kuseri kwa chitseko, sanazichotse n'komwe m'pulasitiki.

Ba Gladys, mkulu wake, anandikokera panja. "Sakamba na munthu uyu. Kudya ni kumukakamiza. Ba Cheelo bakamba ati pa Sondo tinkale pansi. Ngati sanyamuka tizamupeleka kumunzi ku Kalomo, nyumba tibweze kwa bene, mashini yosokela tigulise."

Ba Cheelo ndiye mchimwene wawo wamkulu, akalankhula walankhula. Koma Miyoba kumudzi? Mwana wobadwira m'tauni, mu komboni ya Dambwa, woopa ndi nkhuku yofungatira yomwe! Akapita kumeneko adzangogona mpaka basi. Ndikuopa kwambiri.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Magetsi kulibe, kutentha ngati mu uvuni. Ku ntchito ndapinda mashiti a alendo tsiku lonse mutu uli ku Dambwa wakale.

Tili mu Giredi 8 panali bambo wina pafupi ndi siteshoni ankagulitsa mabuku akutha. Ife tinkakonda a akazitape, aja a tianyamata tachizungu tokhala ndi mawotchi olankhula. Vuto linali loti masamba omaliza kunalibe, amayi a vitumbuwa anali atakulungira kale. Kazitape ali m'manja mwa adani, buku n'kuthera pomwepo! Miyoba anakwiya tsiku lina n'kunena kuti tipange wathu, mtsikana, wa kuno konkuno. Anabadwa choncho Sibeso wathu, wa zaka ngati zathu, wa yunifolomu yong'ambika m'khwapa ngati yanga.

Tinkasimba mosinthana. Wina amuike Sibeso m'mavuto n'kunena kuti "Wagwidwa!" Mnzake ayankhe kuti "Koma sanafe!" n'kumutulutsa, kenako amuponye pena poipa kuposa. Lamulo linali limodzi, la Miyoba: palibe womupulumutsa, atuluke yekha ndi zimene zili m'thumba mwake. Poyamba Sibeso anali wamantha, ankalira mamina tololo, ankayiwala mawu achinsinsi. Pofika Giredi 9 anali atasiya kuthawa agalu. Ndikaganiza lero, ndi nthawi yomweyo imene ine ndinasiya kubisala m'chimbudzi pothawa masamu.

Lachitatu, 16 Okutobala

Poweruka ndinadzera dala kunjanji. Ngolo yakufa ya sitima imene tinkakhalamo posimba za Sibeso kulibe, pamera udzu. Fungo lokha la girizi ndi lomwe lija, la ovololo ya atate.

Ndakumbukira pomwe nkhani inathera. Ndinamutsekera Sibeso m'ngolo ya matabwa ya sitima ya ku Mulobezi, chitseko chokhoma kunja, sitima ikuyenda. M'thumba munali kotoni yolukira tsitsi, pini ndi njere ya mango. Ndinanena "Wagwidwa!" ndikunyada, chifukwa ndinkadziwa kuti pamenepa Miyoba atuluka thukuta. Sabata yomweyo atate anawasamutsira ku Kabwe. Pamene ndinkabwerera kuno tonse tinali ndi ana kumsana, nkhani zathu zinali za mitengo ya mafuta ophikira ndi amuna. Ndiye kuti mtsikana wa eni ali m'ngolomo mpaka lero, ndipo woyenera kumutulutsa ndi Miyoba.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndinakhala pabedi pake n'kumukumbutsa zonse, ngolo, kotoni, njere ya mango. Kenako ndinati, "Wagwidwa!"

Ndinabwereza.

Anayankha osatembenuka: "Musiye afe chabe. Nalema ine."

Ba Gladys akuti ndisangalale poti walankhula. Ine mawu amenewo andilasa, bola akanangokhala chete.

Lachisanu, 18 Okutobala

Lero ndalakwitsa, kapena sindinalakwitse, kaya.

Ndinamumvera chisoni. Ndinati munthu wodwala ndisamusenzetse ntchito, ndimutulutse ndekha Sibeso, nkhani ithe bwino mnzanga amwetulire. Ndiye ndinayamba: sitima yaima pathengo, kwabwera galimoto ya apolisi, m'katimo muli amalume ake a Sibeso, athyola chitseko, amunyamula m'manja ngati khanda, amupititsa kwawo kukapuma.

Sindinamalize. Miyoba anadzuka ndi zigongono, maso ali psu.

"Iwe Lonah, bamalume bachoka kuti? Sibeso alibe bamalume! Kuyambila liti bamunyamula monga saka ya malasha? Zaka zonse izi ukali na boza yako ija!"

Ndinati ndimangofuna kumuthandiza mwanayo.

"Anakupempha? Bonse mufuna chabe kunyamula munthu. Choka, yenda!"

Anandigenda ndi pilo. Ba Gladys anathamangira m'chipinda ndi chipande kumanja, kuyesa kuti wagwa. Ndatuluka manyazi ali tho, koma pofika pokwerera minibasi ndinapezeka ndikuseka ndekha ngati wamisala. Ameneyu ndiye Miyoba amene ndikumudziwa, wa mkamwa mwa moto. Kungoti mwina wandithamangitsa zenizeni.

Loweruka, 19 Okutobala

Sindinapite. Ba Gladys aimba foni: "Mwamuchita chani mnzanu? Afuna kotoni na pini, manje alikuyesa kukoba chitseko cha wadilopu. Kapena mutu wayamba?" Ndati musiyeni, mupatseninso mango.

Lamlungu, 20 Okutobala

Ndinafika titatuluka kutchalitchi. Ba Cheelo anali atakhala kale pakhonde ndi jekete lawo m'dzuwa lonseli, galimoto ya mnzawo ili pamsewu kudikira katundu. Anandipatsa moni wa mwamwambo. Ba Gladys anali atamanga zovala m'chitenje, akupukuta maso. Ine ndinangokhala pasitepe, poti nkhaniyo inali ya banja la eni.

Kenako m'nyumba munamveka go, go, pang'onopang'ono, ndi kutukwana kwa Chitonga kumene sindingalembe muno. Katani yapakhomo inasuntha. Miyoba, ndodo m'khwapa zonse ziwiri, pulasitiki ikadalendewera ku imodzi, thukuta lili kamukamu. Ba Cheelo anadumpha kuti amugwire.

"Osanigwila, ba Cheelo. Nkalani pansi."

Anakhaladi. Iye anatsamira mphuthu ya chitseko n'kuyang'ana ine, ngati ena onsewo kulibe.

"Koma sanafe," anatero. "Mvela manje. Amanga pini ku kotoni, aipisa pa mpata wa matabwa, akoba chisulo cha kunja. Yakana, yakana, alila, anyambita na njele ya mango ija, ayesa futi, yasegula. Ajumpa sitima ikali kuyenda. Mwendo wathyoka."

Ndinati pepa.

"Pepa ya chani? Akwawa. Atyola mtengo, apanga ndodo. Manje ali mu sanga, tauni ili uko, pakati pali njovu na bana bake, m'thumba mwasala chabe njele ya mango."

Ba Cheelo anafunsa ba Gladys monong'ona kuti Sibeso ameneyu ndi mwana wa ndani, nanga bwanji sanauzidwe za ngoziyo. Ba Gladys anangoyamba kumasula mfundo ya chitenje chija.

Miyoba anandiloza ndi nsonga ya ndodo, mpaka anatsala pang'ono kugwa.

"Wagwidwa. Ubwele mailo na yankho, ndipo ukabwelesa futi bamalume nizakumenya na iyi."

Njovu ndi njere ya mango. Ndafika kunyumba, ndaphika, ndatsuka mbale, mpaka pano sindikudziwa kuti mawa ndimutulutsa bwanji.