Malata Anayi a Penshoni

Chawama, Lusaka

Okondedwa ba sisi,

Muli bwanji ku Lundaziko pamodzi ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti mawondo anga ndi chifuwa cha alamu anu.

Mukukumbukira penshoni ija analandira ku fakitale? Inali yokwana kufolera nyumba yonse. Koma ndikati tigule malata, iwo amvekere, "Amake Dalitso, iyi ni ndalama ya tsiku lovuta. Lekani mitengo itsike." Sisi, mu Lusaka muno chimene chikutsika ndi buluku lawo lokha, chifukwa aonda.

Lamlungu masana kunagwa chimvula iwo atagona, madzi a padenga n'kuwadonthera m'khutu. Anadzuka n'kunena kuti, "Manje tsiku lovuta lafika." M'mawa mwake anavala jekete, ulendo ku tauni. Ndalama ya nyumba yonse ija inabwerako ndi malata anayi, opanda ndi msomali womwe. Tinachita kutsindikiza ndi miyala.

Ndipo mukudziwa pamene anawaika? Pamwamba pa mbali yawo ya bedi! Nditafunsa anati, "Penshoni ni yanga, ndine nenze kusebenza." Atapita ku msonkhano wa madoda kutchalitchi, ndinangokankha bedi pang'ono. Tsopano mbali youma ndi yanga, ndipo iwo akuti malata a masiku ano ndi achabechabe.

Wina akamabwera kuno munditumizireko nshawa ndi nyemba. Ngati muli ndi ambulera yakale, muikemonso, ndi ya alamu anu.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Dalitso