Mutu wa Loweruka Lililonse

Bembeke, Dedza
20 Julaye 2023

Wokondedwa mwana wanga Kingsley,

Uli bwanji ku Joniko? Chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa. Mwana wako Miracle akukula, mano awiri akutsogolo aguluka.

Ndalemba kalata chifukwa izi sindingazithe pa foni. Mwezi watha ndinakuuza kuti akazi ako, a Bernadetta, akundithirira mankhwala m'chakudya, ndipo iwe unati ukabwera mu Disembala udzawabweza kwawo ku Lobi. Mwana wanga, ndinawanamizira.

Ukudziwa kuti chipumireni ntchito yolondera nkhalango, mfuti yanga ya chiphaso ija ndiyo imaingitsa nguluwe m'munda wa kachewere. Loweruka lililonse ndimatsuka mpope wake. Chaka chino mnzanga wina anandipatsa chitini cha mankhwala atsopano otsukira, amphamvu zedi. Poopa kuzizira ndinkatsukira m'chipinda, chitseko ndi zenera zili zotseka, mbaula ili pambali, nsanza yonyowa ili m'manja. Ndikamaliza, amake Miracle ankabweretsa chakudya. Ndikadya, basi mutu, chizungulire ndi nseru. Ine ndinati vuto lili m'mbale, ndipo ndinayamba kupatsa agalu chakudyacho mobisa.

Masabata atatu apitawo ndinadzuka Loweruka osalawa kanthu kawo, nthochi ziwiri zokha. Ndili mkati mopukuta mpope, m'maso munada, ndinagwa ndi mpando womwe. Akazi ako ankachapa panja. Atamva chiphokosocho, manyazi a chipongozi anawasiya pakhomo. Anakankha chitseko, anathamangitsira mbaula kunja, kenako anandikokera pakhonde okha, ine chimunthu cholemera chonchi. Anaitana kabaza wonditengera kuchipatala, ndipo sanaiwale kunyamula chitini chija kuti a dokotala akachione.

Mawa lake anabwera n'kugwada chapatali, chitini chili m'manja. Paja pantchito yawo ya zaumoyo amagwira mankhwala opopera, choncho anandiwerengera zolembedwa m'Chingerezi zija mzere ndi mzere. Anati mpweya wake ndiwo unkandizunguza m'chipinda chotseka, ndipo ukanakumana ndi moto wa mbaula nyumba ikanapsa ine ndili momwemo. Anati amalowanso pakhungu, ndiye ine ndinkadya ndi manja omwewo nditangowaviika m'madzi opanda sopo. Ataona kuti ena ndinawathira m'botolo la chakumwa, anandifunsa mwaulemu kuti Miracle akanalipeza botololo zikanatha bwanji.

Anandiuza kuti anali atazindikira kale kuti ndimadwala Loweruka lokha, koma akafuna kuyankhula ndinkawapatsa nkhongo. Ndinawafunsa ngati ankadziwa zimene ndinkawaganizira. Yankho lawo ndikulembera monga analinenera: "Bambo, ndinkaona agalu akunenepa. Sindinakwiye. Ndinkangoopa kuti njala ikugwetsani tisanapeze matenda enieni."

Kingsley, zaka zanga zonsezi ndayenda ndi amuna olimba mtima m'nkhalango, koma mtima ngati umenewu sindinauone.

Tsopano ndimatsukira panja masana, pansi pa mpichesi, kutali ndi moto ndi fodya. Ndikachotsa zipolopolo, ndimavala magolovesi amene anandigulira. Mankhwala amakhala m'chitini chake, m'bokosi lokiya limodzi ndi kachitini kotseka ka nsanza, ndipo sindikhudza chakudya ndisanasambe m'manja ndi sopo. Chiyambireni, mutu sunandiwawenso. Lamulungu lapitali tikutuluka ku Misa, anzanga awiri amene ali ndi mfuti anapempha akazi ako kuti akawaonere mankhwala awo.

Ine ndinapepesa kale pamaso pa ankhoswe, ndipo akazi ako anandikhululukira. Koma ndikuona kuti chikuwadya ndi chakuti iwe unasiya kuwaimbira foni osawauza chifukwa. Mlandu ndi wanga, koma iwenso unakhulupirira osawafunsa. Ukangowerenga kalatayi, aimbire. Usayambe ndi kufunsa za mwana kapena za kumunda. Yamba ndi kupepesa, ndipo akalira usadule foni.

Undiperekere moni kwa msuweni wako Benedict ndi banja lake. Ambuye akusunge pantchito yako ndipo akubweze kwathu uli wamoyo.

Ndine bambo ako,
Gerevazio Zikhalo