Maola Khumi ndi Limodzi M'mwamba

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi kakhandako. Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo la mayi ako lomwe limavutabe kukazizira.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndimangozungulira. Paja nditalephera kubwera ku ukwati wako ndinati adokotala andiletsa ulendo chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Linali bodza.

Sabata yatha mng'ono wako wandiululira kuti zaka ziwiri zonsezi wakhala ukuganiza kuti amuna akowo sindiwafuna. Mawu amenewo andilasa mtima. Ndilibe nawo chifukwa ngakhale pang'ono. Ndinkaopa ndege, basi.

Seka ngati ukufuna, mayi ako aseka kale mpaka kutsokomola. Akuti munthu woyendetsa lole zaka makumi atatu, wotsika nayo mapiri mabuleki akununkha, n'kumaopa kukhala pampando wofewa!

Lolemba ndinavala jekete n'kupita ku ofesi yogulitsa matikiti a ndege. Ndinapezako mayi wina wamagalasi, ndipo ndinawafunsa kutalika kwa mtunda kuchokera kuno kufika kwanuko. Atayang'ana pakompyuta anati ndi makilomita zikwi zisanu ndi zinayi. Ndinawerengera chamumtima: pa lole amenewo ndi masiku khumi ndi asanu, tayala likapanda kuphulika. Iwo anati ndege imangotenga maola khumi ndi limodzi, ambiri mwa iwo pamwamba pa madzi okhaokha.

Ndinafunsa kuti nanga injini ikazimira pamenepo, amaimika pati? Sanandiseke. Anati injini zimakhala ziwiri, ndipo imodzi imakwanira kukafika nayo potera. Oyendetsanso amakhala angapo, wina akatopa mnzake amalandira.

Apo mtima unakhala pansi. Ine ndinkayenda ndekhandekha ndi injini imodzi yokalamba, maso ali psuu ndi tulo, koma ndinkafika.

Tikiti ndagula. Ndinyamuka Lachinayi loyamba la mwezi wamawa, nditera kwanuko Lachisanu m'mawa. Pasipoti unandikakamiza kupangitsa ija ikugwirabe ntchito. Mpando ndasankha wapawindo, chifukwa sindinazolowere kuyenda osaona kumene ndikupita.

Pempho langa ndi ili. Kalatayi uwawerengere amuna ako yonse, usadumphe pabodza paja. Ndipo ngati kuntchito angawalole, adzandichingamire okha kubwalo la ndege, iwe udzatsale kunyumba ndi mwana. Ndikufuna tidzakhale awiri m'galimoto msewu wonse, ndiwapepese ndi pakamwa panga ndisanaponde pakhomo pawo.

Mayi ako ndi mng'ono wako akupereka moni. Undiperekerenso moni kwa apongozi ako. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine,
Bambo ako