Mahedifoni Anu Agonja Kuchigayo

Bambo a Dainess,

Musandifune, ndathamangira kukwaya ku Nsaru, ndibwera dzuwa lisanalowe. Mahedifoni anu aakulu aja musawasake pamsomali, ali m'lichero. Mukawaona musakomoke.

Paja munkaseka timahedifoni tanga ta pamsika kuti n'toseweretsa ana, anu a m'tauni ndiwo enieni? Ndipo tinapangana kuti wogonja adzapita yekha kuchigayo, eti? Ndiye lero ndinawatengera konko, anu ndi tanga tomwe, n'kuyika pafoni nyimbo imene tikaimbe pampikisano Loweruka, chigayo chili mkati molira.

Anuwo ndi chibesi chokhachokha, moti sindinadziwe kuti chigayo n'chiti, nyimbo ndi iti. Aluto yanga sinamveke n'komwe. Komanso pamutu wovala duku sakhala, amangoterereka. Koma tanga nditangotilowetsa m'makutu, liwu lililonse linamveka bwinobwino, mpaka pamene otsogolera athu, Mayi Chikoti, amapumira. Amayi anzanga a pamzere anayesanso, onse analoza tanga. Mboni zilipo, musalimbane nazo.

Pepani, poyesa pomwepo anuwo anagwera m'beseni la ufa. Akulirabe, kungoti amera imvi. Muwakunthe pang'onopang'ono, madzi ayi.

Thumba lina la chimanga ndalisiya pakhonde, njinga ndapopa kale. Fulumirani magetsi asanathime. Popita muvale mahedifoni anuwo, ufa auzolowera kale.

Ndine wopambana wanu,
Mayi a Dainess