Botolo la Apongozi

Lachinayi, 12 Junyu. Tsiku lonse mtima uli m'mwamba.

Mawa ndikwera mota kupita ku Furancungo, kukakhala kuchidikiro cha amayi oyembekezera. Anamwino akuti mwana wagona chopingasa, ndipo akapanda kutembenuka adzanditumiza ku Tete ku operasau. Mpeni ndikuuopa, koma sindinauze munthu.

Madzulo ano apongozi anabwera ndi botolo la mwanamphepo atalikulunga m'chitenje chatsopano. "Ukamwe mobisa matenda akayamba, mwana wanga, atuluke msanga. Ine ndinabereka asanu tili kothawa nkhondo ku Malawi, popanda mpeni."

Anamwino aja anandiletseratu mankhwala amenewa, akuti chiberekero chikhoza kung'ambika. Koma chibwerere pakhomo pano sindinawatsutsepo amayiwa, ngakhale pa nkhani ya mchere.

Ndinagwada pa mphasa. Mumtima ndinangoti, Ambuye, khalani nane pompano. Mantha sanachoke ayi, koma pakamwa panatseguka.

"Amayi, pepani. Sindikamwa."

Apongozi anadzuka n'kutuluka osatsanzika.

Botolo apita nalo, koma chitenje chija achisiya pa thumba langa. Kaya aiwala, kaya n'chodzafundika mdzukulu wawo, sindikudziwa. Ndachipinda, ndachilongedza.

Mulungu amene anandipeza pa mphasa ku Chidzolomondo kuno sangasochere njira ya ku Tete. Ndikudziuza choncho mobwerezabwereza. Koma mpeni uja ndikangouganiza...